Mwana akafuna kuphunzira za netiweki ndi citetezo ca makompyuta

Mwina mwana wanu wamaliza kalasi 12, ndiye tsiku lina madzulo wakuuzani kuti, "Ababa, ine ndifuna kukaphunzira informática." Inu mwangovomera ndi mutu, koma mumtima mukufunsa kuti kodi zimenezi n'zotani. Mawuwa ndi a Cipwitikizi, ndipo amanyamula zinthu zambiri. Kosi ya miyezi itatu yophunzira kulemba kalata pa kompyuta amaichula informática. Maphunziro a zaka zinayi a ku yunivesite nawonso amawachula informática. Dzina ndi limodzi, koma zinthuzi n'zosiyana ngati khasu ndi thirakitala. Conco musanagulitse matumba a mbatatesi kapena ng'ombe, dziwani kaye cimene mukulipira. Pano tikamba za maphunziro aakuluwo, makamaka nchito zitatu zimene zimayendera limodzi: kulumikiza makompyuta, kuwasamalira ndi kuwateteza.

Kulumikiza makompyuta

Mawu akuti rede mumawadziwa kale. Foni ikakana kuimba mumati, "Lero rede kulibe," mwina mpaka kukwera pa culu kuti muipeze. Rede imeneyo ndiyo netiweki, kutanthauza njira imene makina amalankhulirana.

Tiyeni titsatire uthenga umodzi. Muli ku Fonte Boa, m'boma la Tsangano, ndipo mwatumiza cithunzi ca munda wanu pa WhatsApp kwa m'bale wanu wa ku Johannesburg. Foni situmiza cithunzico cathunthu ayi. Imayamba yacigawa tizidutswa ting'onoting'ono. Kacidutswa kalikonse kamalembedwa adiresi ya kumene kakupita, monga mmene mumalembera dzina pa thumba musanalikweze pa lole. Tizidutswato timapita mumlengalenga mpaka pa antena ya Movitel, Vodacom kapena Tmcel. Tikacoka pa antena, kutsogolo timalowa mu nthambo zimene m'kati mwake muli ulusi wagalasi woonda ngati tsitsi. Pa Cipwitikizi amati fibra óptica. Mmenemo uthenga umayenda ngati kuwala.

Pa mphambano iliyonse ya nthambozi pali makina ochedwa rauta. Nchito ya rauta ndi kuwerenga adiresi ija n'kusankha njira. Njira ina ikaduka, rauta imafuna ina ngati ilipo. Tizidutswa tikafika kwa m'bale wanu timalumikizananso, cithunzi n'kuoneka. Zonsezi zimatha inu musanaike foni m'thumba.

Nthambo zina zimadutsa pansi pa nyanja. Imodzi mwa izo, ya SEACOM, inafika ku Maputo mu 2009. Koma intaneti inalowa m'dziko muno kale kuposa pamenepo, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, kudzera ku likulu la makompyuta la Universidade Eduardo Mondlane. Mukaona adiresi ya pa intaneti yothera ndi .mz, dziwani kuti ndi ya ku Mozambique.

Wophunzira za netiweki amaphunzira zonsezi ndi mutu ndiponso ndi manja. Amaphunzira kumanga nthambo, kugawa maadiresi kuti makompyuta awiri asalimbirane adiresi imodzi, kuuza rauta zocita, ndi kufufuza pamene paduka. Kufufuzako ndiye mtima wa nchitoyi. Munthu wake amafunika kudekha ngati amene akutsata ngalande ya ku dimba kuti apeze pamene madzi akuthawira.

Kusamalira makompyuta aakulu

Kwinakwake kuli makompyuta amene sazimitsidwa usana ndi usiku. Amawachula maseva. Ndalama zanu za pa M-Pesa, e-Mola kapena mKesh sizikhala mu foni yanu. Kaundula wake ali mu seva. N'cifukwa cake foni ikagwera m'madzi ndalama sizinyowa. Malipiro a aphunzitsi ndi anamwino a boma nawonso amadutsa m'makina a boma ochedwa e-SISTAFE.

Maseva amafuna mbusa. Pa Cipwitikizi mbusayo amati administrador de sistemas. Iye ndi amene amatsegulira wanchito watsopano khomo lolowera m'makina, n'kutsekera amene wacoka. Amaona kuti mlembi afike apa pokha, wa zacuma afike apo. Amaika mapulogalamu atsopano otseka ming'alu imene yapezeka mu akale. Amaonetsetsa kuti magetsi akathima mabatire alandire nchito, komanso kuti cipinda ca maseva cikhale cozizira. Kuno kumapiri kuzizira tili nako kwaulere, koma mumzinda wa Tete, ndi kutentha kwake kuja, makina oziziritsa akafa maseva nawonso amatsatira.

Nchito ina yaikulu ndi kukopera. Mlimi wanzeru saika mbewu yonse m'nkhokwe imodzi, poopa moto ndi anankafumbwe. Wosamalira maseva nayenso amasunga makope a zolembedwa zonse pamalo ena, ndipo nthawi ndi nthawi amayesa ngati makopewo akutseguka. Kunena zoona, nchito imeneyi ilibe ulemerero. Ikamayenda bwino palibe amakuona. Amakukumbukira tsiku limene zinthu zaima.

Tsiku lotero linafikadi mu Novembala 2018. Makina ambiri otapira ndalama ndi olipirira ndi khadi m'dziko muno anasiya kugwira nchito kwa masiku angapo. Sanali akuba. Netiweki ya SIMO, imene imalumikiza mabanki, inkadalira pulogalamu ya kampani ina yakunja, ndipo panabuka mkangano wa malipiro. Anthu anali ndi ndalama ku banki koma m'manja munalibe. Apa mpamene ambiri anaona kuti dziko lifunika ana ake odziwa kuyendetsa okha makina otere.

Kuteteza

Gawo lacitatu mwakumana nalo kale, ngakhale simunalowe m'kalasi. Uthenga uja umabwera pa foni wakuti, "Ndalama ija mutumize pa nambala iyi," kucokera kwa munthu amene simumudziwa. Kapena wina amaimba n'kunena kuti ndi wa ku kampani ya foni, mwapambana mphoto, mungomuuza PIN yanu. Ameneyo ndi wakuba. Wanchito weniweni wa kampani kapena wa banki sapempha PIN. Musauze munthu, ngakhale alankhule mwaulemu bwanji.

Akuba omwewa amaceranso misampha maofesi aakulu. Amatumiza kalata yonamizira, wanchito mmodzi n'kuitsegula, basi alowa. Ena akalowa amakhoma zolembedwa zonse n'kumafuna dipo. Mu Febuluwale 2022 masamba angapo a pa intaneti a boma la Mozambique analowedwa ndi anthu otere. Kwa anansi athu ku Malawi, kumayambiriro kwa 2024 boma linaleka kusindikiza mapasipoti kwa milungu ingapo. Pulezidenti wa nthawi imeneyo, Lazarus Chakwera, anauza aphungu a nyumba ya malamulo kuti akuba a pa kompyuta analanda makina a ofesi yoona za olowa ndi otuluka m'dziko, ndipo ankafuna ndalama. Taganizani za munthu amene anali atapeza nchito kunja kapena wodwala wofuna kukalandira cithandizo kutali.

Wophunzira za citetezo amaphunzira kuganiza ngati wakuba kuti atseke pamene wakuba angalowere. Amaphunzira kubisa uthenga kuti wougwira panjira asauwerenge, kucinga netiweki ya ofesi, kuwerenga mapazi amene wolowa mobisa wasiya, ndi kuphunzitsa anchito anzake kuti asamapusitsidwe. Pali cinthu cimodzi cimene mungauze mwana wanu ngakhale inu simunagwirepo kompyuta. Munthu wa nchito iyi amasunga makiyi a eni ake. Amatha kuona malipiro a anzake, makalata awo, mwina ndi matenda awo. Kulowa m'makina a munthu popanda cilolezo ndi mlandu, malamulo a dziko amalanga. Ndipo mbiri ikangoipa kamodzi, palibe banki ingamupatsenso makiyi.

Kodi amaphunzira kuti?

Ku Ulónguè kuli nthambi ya Universidade Zambeze, koma imeneyo ndi ya zaulimi. Wofuna digiri ya makompyuta ayenera kutsika phiri. Pafupi ndi mumzinda wa Tete, ulendo wa makilomita oposa 200. Kumeneko kuli Instituto Superior Politécnico de Tete, imene boma linakhazikitsa mu 2005. Anthu amaidziwa ndi maphunziro a migodi, koma imaphunzitsanso Engenharia Informática. Ku Beira, kumene kuli likulu la Universidade Zambeze, maphunziro amenewa aliponso. Ku Maputo kuli Universidade Eduardo Mondlane, ndiponso sukulu yoima payokha ya ISUTC imene imaphunzitsa za makompyuta pamodzi ndi za mafoni. Kutsidya kwa malire, Malawi University of Science and Technology ya ku Thyolo ili ndi digiri ya makompyuta ndi citetezo cake, koma kumeneko zonse ndi m'Cingerezi.

Onani kuti dzina la kosi kawirikawiri silinena kuti "netiweki" kapena "citetezo". Zimenezi zimakhala maphunziro a m'kati mwa digiri, ndipo munthu amadzasankha mbali yake pambuyo pake. Digiriyo, imene amati licenciatura, imatenga zaka zinayi kapena kuposerapo.

Kulowa m'sukulu za boma kumafuna satifiketi ya kalasi 12 ndi mayeso olowera. Ku maphunziro a Engenharia mayeso ake amakhala a masamu ndi fiziki. Ndiye ngati mwana akali ku sekondale, nkhaniyi iyambe tsopano. Asankhe gulu la sayansi, ndipo masamu asawathawe. Wamkazi kapena wamwamuna, n'cimodzimodzi. Nchito iyi sifuna mphamvu za m'mapewa.

Palinso njira ya sukulu za luso la manja, imene imapereka masatifiketi ochedwa CV3, CV4 ndi CV5. Sukulu zina zoterezi zimaphunzitsa kukonza makompyuta ndi kumanga netiweki. Njira iyi si yonyozeka. Amisiri ambiri okoka nthambo ndi kuika makina m'maofesi anadzera kumeneko. Pamwamba pa izi pali mayeso a makampani, monga CCNA ya kampani ya Cisco yopanga marauta. Satifiketi imeneyi olemba nchito m'maiko ambiri amaidziwa, koma mayeso ake ndi olipira ndipo amafuna Cingerezi. Ngakhale ku yunivesite, aphunzitsi amaphunzitsa m'Cipwitikizi koma mabuku ambiri ndi malamulo olembera makina ali m'Cingerezi. Ana a kuno kumalire, amene amamva Cingerezi pa wailesi za ku Malawi, asacitaye.

Mafunso oti mufunse musanalipire

Nanga kosi ya miyezi itatu ija? Si yoipa. Imaphunzitsa kulemba pa Word, kuwerengetsa pa Excel ndi kutumiza makalata. Imathandiza wofuna nchito ya ulembi, ndiponso mwana amene sanagwirepo kompyuta asanapite ku koleji. Koma siipanga munthu kukhala katswiri wa netiweki. Wina akakuuzani kuti m'miyezi itatu mwana wanu adzakhala injiniya, bwezani ndalama m'thumba.

Pitani nokha kusukuluko ngati mungathe, kapena tumani munthu wamkulu amene mumamukhulupirira. Funsani ngati sukuluyo ndi yovomerezeka ndi boma, ndipo akuonetseni cikalata cake. Funsani kuti satifiketi ya pomaliza ndi ya mlingo wanji. Kenako pemphani kuona cipinda cophunziriramo. Apa mpofunika kwambiri. Kodi makompyuta akuyaka? Ana angati amagawana imodzi? Kodi pali marauta ndi nthambo zoti ana azigwira, kapena zonse amangojambula pa bolodi? Palibe amaphunzira kupalasa njinga pongomva nkhani. Funsaninso ngati sukulu imapezera ana malo okayeserera nchito, amene amati estágio.

Powerengera ndalama musaone fizi yokha. Ku Tete mwana adzafuna nyumba ya lendi, cakudya, thiransipoti ndi mamega a intaneti, mwezi uliwonse, pamene inu ndalama mumaigwira pokolola. Adzafunanso laputopu yakeyake. Siyenera kukhala yatsopano. Yogwirapo kale nchito imakwana poyambira, ndipo pulogalamu ya Linux, imene maseva ambiri padziko lonse amayendera, ndi yaulere. Boma lili ndi ofesi ya Instituto de Bolsas de Estudo yothandiza ophunzira ndi ndalama. Opempha amakhala ambiri, komabe mwana alembe.

Za nchito tisanamizane. Ku Tsangano kuno malo a nchito yotere ndi ocepa: maofesi a boma, sukulu, zipatala ndi mabungwe angapo. Ambiri amakapeza nchito ku Tete, ku migodi ya malasha ya ku Moatize, ku Songo kumene kuli magetsi a Cahora Bassa, kapena ku Beira, Nampula ndi Maputo, m'mabanki ndi m'makampani a mafoni. Ndiye kulola mwana kuphunzira zimenezi nthawi zambiri n'kulolanso kuti adzakhale kutali ndi mudzi. Digiri payokha siitana nchito. Olemba nchito amamuika pa makina n'kunena kuti, "Takonza tione."

Caka ciliconse, kumapeto kwa caka, sukulu za boma zimatulutsa cikalata cochedwa edital. Mmenemo mumalembedwa makosi amene alipo caka cimeneco, malo angati, masiku olembetsa, ndalama yolembetsera ndi maphunziro amene adzafunsidwe pa mayeso. Mwana akacipeza pa foni, muuzeni akhale nanu pansi muwerengere limodzi, mzere ndi mzere, iye akumasulira Cipwitikizi. BI yake ikhale yosatha nthawi, NUIT akhale nayo, ndipo satifiketi ya kalasi 12 aipemphe kusukulu msanga, cifukwa imatenga nthawi kutuluka.