Kusenza

Kusenza si kunyamula wamba. Munthu amanyamula ndi manja, koma amasenza pamutu, atayamba waikapo nkhata. Taonani mayi wochokera ku Mandimba akuwoloka malire kupita ku Chiponde, thumba la chimanga lili pamutu: khosi lili njo, maso kutsogolo, kucheuka n'kovuta. Wina amamusenzetsa, koma ulendo ndi wake.

Pa Luka 14, mawu oti kusenza tikuwamva pomwe Yesu akunena za wophunzira ndi mtanda wake. Kwa Aroma, woweruzidwa ankasenza yekha mtengo wopingasa mpaka kophedwera. M'mutu womwewo muli womanga nsanja, amene amayamba wawerengera ndalama kuti asalekere panjira. N'chifukwa chake mkhristu wa ku Ngauma kapena ku Cuamba amadziwa kuti katundu uyu wa mtanda satulira panjira.