Tizidole ta Sisitere Hummel ndi Masiku a Mliri

Nkhani yathu ya mbiri yakale sabata ino ikutitengera ku Ulaya, ndipo ndi ya kanthu kokwana m'dzanja la munthu: kachidole koumba ka mwana wa masaya ofiira, wina atapanira ambulera m'khwapa, wina akucheza ndi atsekwe, wina akuliza chisekese cha Azungu, kagalu kali pamapazi pake.

Pa 11 Malichi 2020 bungwe la World Health Organization lidalengeza kuti matenda a Covid-19 asanduka mliri wa dziko lonse lapansi. Pasanathe sabata ziŵiri, maboma a Germany ndi Britain adali ataletsa anthu kuyenderana. Amene adali ndi chakudya m'nyumba ndi malipiro osaduka adangoona dzuŵa likutalika, ntchito palibe. Ena adayamba kuphika buledi mpaka ufa wa tirigu ndi yisiti zidasoŵa m'masitolo, ena kuluka, ena kulumikiza zithunzi zoduladula pa tebulo. Ndipo ena adatsegula makabati agalasi amene makolo awo adasiya, nayamba kutulutsa tizidole tija kamodzikamodzi, kutipukuta fumbi ndi kutitembenuza kuti aone zolembedwa kunsi kwake. Kwathu kuno zidayenda mwina. Sukulu zidatsekedwa pa 23 Malichi, koma lamulo lotsekera anthu pakhomo kwa masiku 21 lidaimitsidwa ndi bwalo lalikulu la milandu mu Epulo, anthu atadandaula kuti wodya zimene wagulitsa tsiku lomwelo sangakhale m'nyumba. Kupukuta zidole pa nthaŵi ya mliri ndi mwai wa wokhuta, ndipo zimenezi tisazibise. Komabe tizidoleto tili ndi mbiri yoyenera kuimva, pakuti mwini wake weniweni sadali wokhuta.

Tiyambire patali pang'ono. Kwa zaka mazana ambiri Azungu adali kugula ku China mbale ndi mitsuko ya dothi loyera, lolimba ndi lonyezimira, limene amalitcha porcelain, koma kaumbidwe kake sadakadziŵe. Amene adakatulukira adali Johann Friedrich Böttger, mnyamata wodzitama kuti angathe kupanga golide, amene Augustus, wolamulira dziko la Saxony, adamtsekera kuti ampangiredi golideyo. Golide sadaoneke. Koma pogwira ntchito pamodzi ndi katswiri wina, Ehrenfried von Tschirnhaus, dothi loyera lija lidatheka, ndipo mu 1710 fakitale idatsegulidwa mu mzinda wa Meissen. Augustus ameneyu adali wodwala nazo zoumbazi. Mu 1717 adapereka asilikali 600 okwera pa akavalo kwa mfumu ya Prussia, nalandira mitsuko ndi zoumba zina za ku China zokwana 151. Taganizani, omvera: anthu amoyo, aliyense wobadwa kwa mai wake, kusinthidwa ndi mitsuko. Kuyambira mu 1731 fakitale ya Meissen idali ndi mmisiri wotchedwa Johann Joachim Kändler, amene adazoloŵeza anthu tizidole ta abusa, ovina, mbalame, ngakhale anyani oliza zoimbira. Tinkaikidwa pa matebulo a mafumu pa nthaŵi ya phwando, pamalo pamene kale ankaikapo zokongoletsa zopangidwa ndi shuga. Pang'ono ndi pang'ono mafakitale ena adatengera, mitengo idatsika, ndipo chidole cha pa tebulo la mfumu chidakafika pa shelefu ya mphunzitsi ndi kalaliki.

Berta Hummel adabadwa pa 21 Meyi 1909 m'katauni ka Massing, m'chigawo cha Bavaria, ali mwana wa mwini sitolo. Mu 1927 adapita ku Munich kukaphunzira zojambula, ndipo adamaliza mu 1931 ali pamwamba pa anzake. Njira yokhala mmisiri wotchuka idali yotseguka, koma iye m'chaka chomwecho adakaloŵa ku nyumba ya asisitere a chipani cha Fransisko Woyera ku Siessen, kumene pambuyo pake adalandira dzina lakuti Maria Innocentia. Ntchito yawo idali kuphunzitsa ana kujambula ndi kukonza zithunzi za pa zovala za m'tchalitchi. Pa nthaŵi yopuma ankajambula ana akumudzi monga adaŵaonera ku Massing: sokosi zitagwa, tsitsi lili nyankhalala, nsapato zazikulu kuposa mapazi. Zithunzizo zidasindikizidwa pa makadi ndi m'buku mu 1934, ndipo zidafika m'manja mwa Franz Goebel, mwini fakitale ya zoumba ku Oeslau, pafupi ndi Coburg, amene malonda ake adali atazilala chifukwa cha umphaŵi wa zaka zimenezo.

Pangano lidachitika mu Januwale 1935, ndipo lidali ndi mfundo imene amalonda ambiri sakadailola: chidole chilichonse chiyenera kuyamba chavomerezedwa ndi sisitereyo ndi akuluakulu a ku Siessen, ndipo chisainidwe M. I. Hummel. Amisiri aŵiri, Arthur Möller ndi Reinhold Unger, ndiwo adasandutsa zithunzi za pa pepala kukhala zoumba. Tizidole toyamba tidaonetsedwa pa chionetsero cha malonda ku Leipzig chaka chomwecho, ndipo ogula ochokera ku America adatikonda pomwepo.

Amene mudaumbapo ng'ombe zadothi kubusa muli ana, kapena amai amene mumaumba miphika, mudzamvetsa kuvuta kwa ntchitoyi. Mmisiri amayamba waumba chidole chimodzi ndi manja. Kenaka amachidula zidutswa, mutu pawokha, mkono pawokha, ambulera payokha, ndipo chidutswa chilichonse amachipangira chikombole chakechake. M'zikombolemo amathiramo dothi lamadzi ngati phala. Likauma m'mbali amakhuthula lotsala, kotero kuti chidole chimakhala chopanda kanthu m'kati. Zidutswa zimalumikizidwa, chidole chimaotchedwa m'ng'anjo, chimaviikidwa m'mankhwala onyezimiritsa, chimaotchedwanso, ndiyeno chimapakidwa utoto ndi dzanja ndi kubwereranso kumoto. Maso ndi pakamwa amajambula okhawo amene akhalitsa pa ntchito. N'chifukwa chake tizidole tiŵiri ta nambala imodzi sitifanana nkhope kwenikweni, ndipo osonkhanitsa amatha madzulo athunthu akuyerekeza.

Koma zonsezi zinkachitika Adolf Hitler ali pa mpando kuyambira 1933, ndipo chipani chake cha Nazi chinkafuna zithunzi za ana amphamvu, oongoka, okonzekera nkhondo. Ana a Sisitere Innocentia adali onenepa masaya, amanyazi, ena akupemphera. Mu 1937 nyuzipepala ina ya chipanicho idaŵanyoza kuti ndi ana a mitu yotupa ndi mapazi opunduka, onyazitsa mtundu. Boma lidatsekereza kufalitsa zithunzi zawo m'dzikomo, koma ndalama zochokera kunja silidazikane. Mu 1940 lidalanda nyumba ya ku Siessen kuti liikemo anthu olankhula Chijeremani amene lidaŵasamutsa ku maiko ena. Mwa asisitere pafupifupi 250, okwana ngati 40 okha ndiwo adaloledwa kutsala, atapanikizidwa kumbali imodzi ya nyumbayo, yozizira, chakudya chili chopereŵera. Sisitere Innocentia adatumizidwa kwawo, koma patapita miyezi yoŵerengeka adapempha kubwerera, napatsidwa kachipinda kamodzi kogonamo ndi kujambuliramo. Theka la ndalama za ntchito yawo boma linkatenga; theka lotsalalo ndilo lidasunga asisitere anzawo ndi moyo.

Pamenepa m'pamene nkhani ya tizidoleti ikukumana ndi nkhani ya matenda. Kuzizira ndi njala zidafooketsa thupi lawo, ndipo mu 1944 adapezeka ndi chifuwa chachikulu. Masiku amenewo wodwala chifuwachi ankapatulidwa, nagonekedwa miyezi yambiri ku chipatala cha kumapiri, kudikira kuti mpweya wabwino ndi kupuma zichite zimene zingathe. Adagona ku Isny, pambuyo pake ku Wangen. Mankhwala a streptomycin adali atangotulukiridwa ku America mu 1943, ndipo adali asanafale m'dziko logonja pa nkhondo. Adabwerera nawo ku Siessen, kumene adamwalira pa 6 Novembala 1946, ali ndi zaka 37. Munthu wolumbira umphaŵi, wokhala m'kachipinda kamodzi, wopatulidwa chifukwa cha matenda opatsirana a m'mapapo, ndiye adajambula ana amene anthu ena otsekeredwa ndi matenda a m'mapapo adadzaŵapukuta fumbi patapita zaka 74.

Kutchuka kwenikweni sadakuone. Nkhondo itatha, Bavaria idali m'manja mwa asilikali a America, ndipo anyamataŵa, pofuna mphatso yotumiza kwa amai ndi zibwenzi zawo, adagula tizidoleti mwaunyinji. Pofika m'zaka za m'ma 1970 tidali titasanduka malonda aakulu. Mu 1977 kampani ya Goebel idakhazikitsa kalabu ya osonkhanitsa ku America, mabuku a mitengo adayamba kutuluka, ndipo mabanja ambiri adagula tizidole pokhulupirira kuti akusungira adzukulu chuma, monga munthu asungira ng'ombe m'khola. Chikomekome cha nkhuyu. Ng'ombe imaswa ndipo imadyedwa. Chidole mtengo wake umadalira kuti mawa padzakhale wina wochifuna. Malonda a pa intaneti atayamba m'zaka za m'ma 1990, zidaoneka poyera kuti chimene aliyense ankachiyesa chosoŵa chili m'makabati zikwizikwi. Ogula akale adakalamba, ana awo sadafune katundu wofuna kupukuta, ndipo mitengo ya tizidole wamba idagwa. Mu 2008 kampani ya Goebel idaleka kutipanga, ntchitoyo n'kutengedwa ndi ena chaka chotsatira.

Mliri wa 2020 udapeza zinthu zili pamenepo, ndipo udakantha kwambiri okalamba, ndiwo eni makabati aja. Ambiri adaikidwa m'manda anthu ali oŵerengeka chifukwa cha malamulo a pa maliro. Ana ndi adzukulu adatsala ndi makatoni a tizidole tokulungidwa m'nyuzipepala, ndipo amene adafufuza mitengo adakhumudwa. Ine ndiona kuti kugwa kwa mitengoko kudathandiza okonda tizidoleti moona, pakuti munthu wa malipiro ochepa adatha tsopano kugula kachidole kakale kamene agogo ake akadakalipirira ndalama zambiri, nakaika pa windo popanda kuŵerengera phindu.

Nanga poti ankatitembenuza, ankafunanji kunsiko? Pali nambala ya chikombole, ndipo pali chizindikiro cha fakitale chimene chidasintha ndi zaka. Takale kwambiri, ta 1935 mpaka cha m'ma 1949, tili ndi chisoti chachifumu. Kuyambira mu 1950 padabwera njuchi youluka m'kati mwa chilembo V, pokumbukira sisitere uja, pakuti dzina lakuti Hummel m'chinenero chao ndi la njuchi yaikulu yaubweya. Tina ta nkhondo itangotha tidadindidwa kuti tapangidwa m'chigawo cholamulidwa ndi America. Ta zaka zotsatira tikunena za Germany wa kumadzulo, poti dzikolo lidali logaŵika ndipo fakitale idali pafupi ndi malire. Ta pambuyo pa 1990 tikungoti Germany. Wodziŵa amayang'ananso timing'alu tosaoneka bwino pa khungu lonyezimira lija, timene timabwera ndi chinyezi ndi kusinthasintha kwa kutentha, ndipo timatsitsa mtengo.

Pomaliza amafunafuna kabowo. Kachidole kalikonse kali ndi kabowo kobisika, m'khwapa kapena pansi pa mpendero wa diresi, kamene mmisiri adaboola kuti mpweya utuluke poti kangaphulike m'ng'anjo. Potsuka amakatseka ndi chala kapena kapepala komata, chifukwa madzi akaloŵa m'kati satuluka msanga, ndipo patapita miyezi utoto umayamba kuthimbirira kuchokera m'kati.