Ng'ombe ya Khisimasi, kawindo ka butchala ndi chidindo cha khonsolo

Disemba ikafika, mu Lusaka simusowa gulu la chilimba, la kuchechi kapena la kunchito limene lasonkha ndalama kuti ligule ng'ombe imodzi. Amene ali ndi wachibale ku Mumbwa kapena ku Namwala ndiye amatumidwa. Ng'ombe ikafika imagwetsedwa kuseli kwa nyumba m'mamawa, nyama n'kuikidwa milumilu pa tenti, aliyense n'kutola mulu wake. Wina akafunsa ngati zimenezi n'zololedwa, timamuyang'ana ngati wazelezeka. Ng'ombe ni yathu, ndalama ni zathu, boma likubwelamo bwanji?

Boma lilimo ndithu. Chiweto chochoka dela lina kupita dela lina chimafunika chilolezo cha a vetenale. Nyama yogulitsa kwa anthu m'tauni iyenela kuphedwa pamalo ovomelezeka, kupimidwa ndi woyang'anila zaumoyo, ndi kudindidwa. Nkhuku ya Sande palibe amene adzakufunsani. Koma ng'ombe ya anthu makumi awili, imene ena mwa iwo agulitseko makilo angapo kwa anansi, ili pakati penipeni pa kudya kwa pabanja ndi malonda. Kuti timvetse chifukwa chake mzele unajambulidwa pamenepo, tiyenela kubwelela kumbuyo zaka zoposa 100.

Kumudzi, kupha ng'ombe sinali nkhani ya tsiku lililonse. Ng'ombe inali banki ya banja, ndipo kwa Angoni inali chuma cha malobolo. Inkaphedwa pamalilo, paukwati, pamwambo, kapena ikathyoka mwendo. Filiji kunalibe, ndipo banja limodzi silikanatha ng'ombe yonse isanaole. Ina ankaifutsa, yotsala inkapita kwa abale ndi anansi, podziwa kuti tsiku lina mbale idzabwelela. Akulu akamati kupatsa n'kuika, nyama inali chitsanzo chooneka ndi maso. Ndipo tisaganize kuti kunalibe malamulo. M'midzi yambili munthu sankapha chiweto chachikulu mwakabisila: mfumu inkadziwitsidwa, chikopa ndi mutu zinkaonekela poyela kuti aliyense aone kuti si chakuba, ndipo akulu ankadziwa chiwalo chimene chiyenela kupita kwa yani. Tikufuna kuona mwambo umenewu uli wamoyo? Ku Mtenguleni, kumapeto kwa Febuluwale, pa Nc'wala amabaya ng'ombe yamphongo yakuda, ndipo Inkosi ya Makosi Mpezeni ndiye amayamba kulawa magazi ake anthu asanadye.

Mwambo womwewo ukutikumbutsa mmene dzanja la atsamunda linalowela m'khola. Mu 1898 asilikali a atsamunda anagonjetsa Angoni a Mpezeni, anapha mwana wake Nsingo, ndipo analanda ng'ombe zikwizikwi. Nc'wala inazima kuyambila pamenepo mpaka pamene inatsitsimutsidwa mu 1980. Nkhondoyo inabwela pambuyo pa tsoka lina: mlili wa rinderpest, umene unasesa ng'ombe ndi nyama zakuthengo kuchokela kumpoto kwa Africa m'ma 1890, n'kuwoloka Zambezi mu 1896. Azungu amene anayamba kulamulila dziko lino anafika ali ndi mantha aakulu a matenda a ziweto, ndipo mantha amenewo ndi amene anabala malamulo oyamba oletsa kuyenda kwa ng'ombe.

Anthu a ku Barotseland ndiwo analawa kuwawa kwake. Abale awili, Elie ndi Harry Susman, anayamba kugula ng'ombe kumeneko mu 1901, ndipo malonda a ng'ombe anakula kwambili. Cha m'ma 1915 matenda a mapapo a ng'ombe analowa kuchokela ku Angola, boma n'kutseka njila. Kwa zaka pafupifupi 30 ng'ombe za ku Barotseland sizinaloledwe kutuluka. Anyamata amene akanagulitsa ng'ombe kuti apeze ndalama ya msonkho anakakamizika kupita kukagwila nchito kutali. Kum'mawa nako kunali kwake: chigodola cha nkhumba chinalembedwa koyamba ku Fort Jameson, imene lelo ni Chipata, mu 1912. Ndiye gwelo la chiletso chimene ambili a ife tinakula tikuchidziwa, chakuti nkhumba ndi nyama yake zisawoloke mlatho wa Luangwa kubwela ku Lusaka. Amene anakwelapo basi ya ku Chipata ali ndi kathumba ka nkhumba yofutsa kochokela kwa ambuya akudziwa mmene mtima umagundila pofika pamlathopo.

Awo anali malamulo a chiweto chamoyo. A nyama yophedwa anabwela ndi matauni. Lamulo la zaumoyo limene tikuligwilitsabe nchito, Public Health Act, linakhazikitsidwa mu 1930, nthawi imene migodi ya ku Copperbelt inkatsegulidwa, zaka zisanu Lusaka asanakhale likulu m'malo mwa Livingstone. Pansi pa lamulolo panatuluka malangizo a nyama, malo ophela ziweto ndi mabutchala. Maganizo ake anali osavuta: kumene anthu athithikana, magazi ndi matumbo zisatayidwe paliponse, ndipo nyama ipimidwe isanafike pambale ya munthu amene sanaone chiwetocho chili chamoyo.

Papepala zinali zomveka. Vuto linali pa amene anapatsidwa mpeni. Munthu wakuda m'tauni ankatengedwa ngati mlendo wobwela kudzagwila nchito, woyenda ndi chitupa, wokhala m'kanyumba ka khonsolo kapena ka kampani kopanda malo a khola. Kumigodi nyama inkabwela ngati phoso, pamodzi ndi ufa ndi nyemba, pamuyeso wa bwana. Mabutchala a m'tauni anali m'manja mwa azungu. Choncho munthu amene kwawo anali ndi ng'ombe khumi, akafika ku Lusaka analibe njila ina yopezela nyama koma kupita kwa mzungu. Ndipo kumeneko sankalowa pakhomo. Ankaima pamzele panja, pa kawindo ka m'mbali mwa sitolo, n'kupeleka ndalama, n'kulandila kaphukusi kokulungidwa kale. Kusankha kunalibe, kuona kunalibe. Mkati mwake nthawi zambili munali mafupa, mafuta ndi zotsala, zimene azunguwo ankazitcha "boy's meat". Taganizilani bambo wa ana asanu, mphunzitsi kapena kalaliki wa boma, akugula nyama ya dzina limenelo.

N'chifukwa chake pamene African National Congress inkafuna nkhani yoti igwile mtima wa munthu wamba, pambuyo polephela kuletsa chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland mu 1953, inasankha nyama. Kumayambililo kwa 1954, Harry Nkumbula ali pulezidenti wa chipanicho ndipo Kenneth Kaunda ali mlembi wamkulu, anthu a mu Lusaka ananyanyala mabutchala. Amuna ndi akazi a chipani ankaima pafupi ndi masitolowo kukumbutsa anzawo kuti asagule. M'makomboni miphika inabwelela ku kapenta, nyemba ndi ndiwo zamasamba. Eni mabutchala anazindikila msanga kuti anthu a pakawindo aja ndiwo anali makasitomala ochuluka. Mu 1956 kunyanyala kunafalikila ku masitolo ena mu Lusaka ndi ku Copperbelt, ndipo mawindo aja anayamba kutsekedwa limodzilimodzi. A Kaunda anasiya kudya nyama m'zaka zimenezo, ndipo anakhalabe osadya nyama mpaka ukalamba wawo.

Pali chinthu chimodzi pa kunyanyalako chimene timachilumpha tikamakamba nkhaniyi pa tsiku la ufulu. Anthu aja sankamenyela ufulu wophela ng'ombe paliponse. Ankafuna kulowa pakhomo, kuona nyama ndi maso awo, kuloza chidutswa chimene afuna, ndi kulandila nyama yabwino yofanana ndi imene mzungu ankagula. Dandaulo lawo linali lakuti chitetezo cha lamulo chinkathela pa kauntala ya mzungu. N'chifukwa chake ufulu utabwela mu 1964, boma latsopano silinafafanize lamulo la 1930. Linalisunga, ndipo malonda aakulu a nyama linawaika m'manja mwa kampani ya boma, Cold Storage Board, imene inkagula ng'ombe kwa alimi ndi kuzipha m'malo ake. Makampani a boma atagulitsidwa m'ma 1990, malo ake anatengedwa ndi amalonda. Zambeef inayamba mu 1994, ndipo posakhalitsa inayamba kuyendetsa mabutchala a m'masitolo a Shoprite. Pambali pake panamela msika wina waukulu wa anthu wamba: mbuzi ndi nkhumba za ku Chibolya, michopo ya pamabala, mabutchala ang'onoang'ono a m'komboni. Nyumba ya malamulo yakhala ikuthamangitsa msika umenewu ndi malamulo atsopano, Animal Health Act ya 2010 ndi Food Safety Act ya 2019, koma oyang'anila ni ochepa kuyelekeza ndi mipeni imene imanoledwa m'mawa uliwonse.

Ndiye n'zosadabwitsa kuti ambili a ife tikamva za chidindo cha khonsolo timaona ngati ni kawindo kaja kabwelanso, njila yotetezela makampani aakulu ndi kudyela osauka. Mbali ina ya dandauloli ni yoona. Malo ovomelezeka ophela ziweto ali kutali ndi anthu ambili, ndipo kunyamula ng'ombe kupita nayo kumeneko kumadya phindu lonse limene gulu linkafuna kupulumutsa. Koma tisafulumile kutaya chidindocho. Tiyeni tione zimene woyang'anila amafufuza akamacheka nyama.

Pa nkhumba amacheka lilime, mtima ndi minofu ya m'masaya kufuna timatuza toyela tonga mpunga, timene kum'mawa ena amati masese. Timeneti ni ana a njoka ya m'mimba. Munthu akadya nyama yotele yosapsa bwino, njokayo imakula m'matumbo mwake. Mazila ake amatuluka ndi chimbudzi, ndipo akalowa m'kamwa mwa munthu kudzela m'manja osasamba kapena madzi oipa, amatha kukakhazikika mu ubongo n'kuyambitsa khunyu. Mwana amene sanadyepo nkhumba angadwale chifukwa cha mbale ya munthu wina. Pa ng'ombe amayang'ana mapapo ndi tizilonda ta chifuwa chachikulu, amatsegula chiwindi kufuna nyongolotsi. Ndipo chiweto amachiona chikali chamoyo, chifukwa matenda oopsa koposa onse safuna n'komwe kuti mpeni ulowe.

Matenda amenewo ni anthrax. Ng'ombe imene dzulo inali kudya bwino imapezeka yafa m'mawa, nthawi zina magazi akuda osaundana akutuluka m'mphuno ndi kumbuyo. Kachilombo kake kakakumana ndi mpweya kamadzitsekela m'kachikopa kolimba, ndipo kamatha kukhala m'nthaka zaka makumi ambili. Kuyanika nyama sikukapha. Wosenda chikopa amatuluka chilonda chakuda pakati padzanja kapena pankhope; wodya amatha kudwala m'mimba mpaka kufa. Malangizo a a vetenale ni akuti mtembo wotele usatsegulidwe, uotchedwe kapena ukwililidwe mozama. Koma uzani banja limene ng'ombe yake imodzi yokha yafa kuti likwilile nyama yonseyo, m'chaka cha njala. Apa ndi pamene mwambo wathu wabwino uja umatitembenukila, pakuti nyama ya chiweto chofa chokha nayonso imagawidwa mudzi wonse, kapena kugulitsidwa motchipa, ndipo matenda amayenda m'njila imodzimodzi imene chikondi chimayendamo.

Mu 2011 mvuu zinafa zambili mumtsinje wa Luangwa m'dela la Chama. Anthu anazisenda, anagawana, ena anafutsa. Anthu oposa 500 anadwala, asanu anamwalila. Mu 2023 anthrax inabuka ku Sinazongwe m'mbali mwa nyanja ya Kariba, n'kufalikila. Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, linalengeza kuti pofika pa 20 Novembala chaka chimenecho anthu 684 ankaganizilidwa kuti adwala, anayi atamwalila, m'zigawo 9 mwa zigawo 10 za dziko lino. Tonse tikukumbuka mmene anthu anaopela nyama miyezi imeneyo, mabutchala ali duu, ogulitsa michopo akusowa makasitomala, ziweto zitaletsedwa kuyenda m'madela ena.

Kumudzi kwa makolo athu, amene ankadya nyama ankaidziwa ng'ombeyo kuyambila ili thole. Ankadziwa ngati inkatsokomola, ngati inaonda, ngati inaphedwa kapena inafa yokha, ndipo ankadziwa khomo la mwini wake. Gulu la chilimba la ku Kanyama kapena ku Matero lasunga kugawana, koma lataya kudziwa kuja. Ng'ombe yafika usiku pa kantala, wogulitsa tamuona pa WhatsApp chabe, mtengo wake watsika modabwitsa ndipo palibe wafunsa chifukwa chake. Mwa anthu makumi awili amene anyamule nyamayo, amene anaiona ikuyenda ni mmodzi kapena awili.

Magulu ena apeza njila yapakati, ndipo ife tikuona kuti ndiyo yanzelu pakali pano. Amagula ng'ombe ili ndi chilolezo cha a vetenale ndi kalata yosonyeza mwini wake, amaipeleka kumalo ovomelezeka, amalipila, woyang'anila amaipima n'kuidinda, kenako amabwela nayo kunyumba kudzagawana pa tenti monga kale, mutu, mapazi ndi zam'kati zili pompo. Chimene tiyenela kufunsa makhansala athu pamisonkhano ya m'mawadi n'chakuti malo ang'onoang'ono ophela ziweto, okhala ndi madzi, simenti ndi woyang'anila, adzafika liti pafupi ndi makomboni kumene anthu ambili a mu Lusaka amakhala, kuti ulendo wokadinditsa ng'ombe usadye ndalama yofanana ndi mwendo wake wonse.