Zimene ofufuza amayeza pofuna kudziwa ngati phewa lachira

Kafukufuku woyesa mankhwala, opaleshoni kapena mafizo pa odwala amayamba ndi kusankha chimene chidzasonyeze kuti wodwala wapeza bwino. Pa malungo, magazi amaonetsa ngati tizilombo tatha. Pa matenda a phewa, monga kuuma kwa mfundo yake kapena kung'ambika kwa minyewa yoigwira, palibe muyezo umodzi wotere. Dokotala angaone kuti mkono wayamba kukwera m'mwamba, pamene mwini wake akugonabe chokhala usiku chifukwa cha ululu.

Kukula kwa vutoli kunaoneka mu 2018, pamene Matthew Page, Rachelle Buchbinder ndi anzawo anafalitsa zimene anapeza atasanthula akafukufuku 409 a matenda a phewa. Akafukufukuwa anayeza zinthu 32 zosiyanasiyana pogwiritsa ntchito njira zoyezera 319. Ambiri anayeza ululu, koma aliyense mwa njira yake. Zikatere, wofuna kudziwa ngati jekeseni iposa mafizo amakhala ngati munthu woyerekeza mitengo ya chimanga pamsika umene wina akugulitsa pa ndowa, wina pa mbale, wina pa sikelo.

Bungwe la OMERACT, limene linayamba mu 1992 ku Maastricht m'dziko la Netherlands, ndi limene linatenga ntchito yothetsa chisokonezochi. Madokotala, akatswiri a mafizo, ofufuza ndi odwala eni ake anafunsidwa maganizo kangapo, ndipo pamsonkhano wa mu 2018 ku Terrigal, m'dziko la Australia, anagwirizana zinthu 4 zimene kafukufuku aliyense wa phewa ayenera kuyeza: ululu, ntchito zimene munthu akutha kugwira ndi mkonowo, mmene wodwala mwini akulionera phewa lake, ndi zovuta zobwera m'kati mwa chithandizo, kuphatikizapo imfa. Tulo, mtendere wa mumtima ndi kubwerera kuntchito anaziika m'gulu la zofunika koma zosakakamiza. Chochititsa chidwi n'chakuti kutalika kumene mkono ukufika pokwezedwa, kumene akafukufuku ambiri ankakuyeza, sikuli pa zinthu 4 zokakamizazo.

Malamulo ambiri okhudza nkhaniyi amachokera m'dera la Washington DC. Msewu wa Massachusetts Avenue, wotchedwa Embassy Row chifukwa cha maofesi a akazembe amene ali m'mbali mwake, kuphatikizapo a Malawi, umapitirira mpaka ku Bethesda m'chigawo cha Maryland, tawuni imene kuli likulu la bungwe la boma loona za kafukufuku wa zaumoyo la National Institutes of Health. Kumeneko mu 2000 kunatsegulidwa kaundula wa pa intaneti wa ClinicalTrials.gov, mmene ofufuza amalemberatu chimene adzayeze. Cholinga n'chakuti munthu asayeze zinthu 20, kenako n'kulengeza chimodzi chokha chimene chamukomera. Mu 2015, Robert Kaplan ndi Veronica Irvin anasanthula akafukufuku akuluakulu a matenda a mtima olipiridwa ndi nthambi ina ya bungweli. Mwa 30 amene anafalitsidwa chisanafike chaka cha 2000, 17 anati chithandizo chinathandiza. Mwa 25 a pambuyo pake, anali 2 okha. Nalo bungwe loona za mankhwala la FDA, la ku Silver Spring, linatulutsa mu 2009 malangizo a mmene mayankho a odwala eni angakhalire umboni.

Kulemberatu muyezo kunaonetsa mphamvu yake pa kafukufuku wa CSAW wa ku Britain, amene anatuluka m'magazini ya The Lancet. Odwala 313 a m'zipatala 32 anagawidwa patatu. Ena anachitidwa opaleshoni yopala fupa pang'ono pamwamba pa mfundo ya phewa, ena anangolowetsedwa kakamera m'phewamo popanda kupala fupa, ndipo ena sanachitidwe kanthu. Muyezo unali Oxford Shoulder Score, mafunso 12 amene wodwala amayankha yekha, a mapointi oyambira 0 kufika 48. Ofufuza anali ataneneratu kuti kusiyana kwa phindu kuyenera kufika mapointi 4.5. Patatha miyezi 6, opalidwa fupa sanapose olowetsedwa kamera yokha, ndipo anaposa osachitidwa kanthu ndi mapointi 2.8 basi. Akanakhala kuti sananeneretu 4.5, mapointi 2.8 amenewo akanatha kulengezedwa ngati chipambano cha opaleshoni.

Kugwirizana pa zoyenera kuyeza sikutanthauza kuti mafunso ofunsira akuyenera aliyense. Oxford Shoulder Score imafunsa ngati munthu akutha kudya ndi mpeni ndi foloko, kupachika zovala m'wodulopu, kapena kunyamula thireyi ya chakudya. Mlimi wa ku Dedza angayankhe mafunso onsewa popanda lina lokhudza khasu, musi, ndowa yoitukula kufika pamutu, kapena kuponya mwana kumsana. Phewa lotha kupachika malaya silinafike pokhoza kulima mizere m'mawa wonse, ndipo muyezo wosafunsa zimenezi ungamulembe kuti wachira munthu amene munda wake wagonera.

Ku Malawi ntchito yokonza miyezo yotere inayambika. Dokotala wa mafupa Linda Chokotho ndi anzake anayesa pa odwala ovulala mafunso a m'Chichewa a EQ-5D, oyeza umoyo wa munthu wonse, ndi kufalitsa zotsatira zake mu Malawi Medical Journal mu 2017. Pambuyo pake anachita chimodzimodzi ndi mafunso a SMFA, amene amayeza kagwiridwe ka ntchito ka mikono ndi miyendo pamodzi, osati phewa palokha.