Mbiri ya Kusoka Zala Zovulala mu Mzinda wa Lilongwe

Likulu la dziko litasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe m'chaka cha 1975, ambiri mwa anthu amene anadzakhazikika ku Kawale, kwa Biwi, kwa Chinsapo, ku Area 23 ndi ku Area 25 anali odalira ntchito zamanja monga ukalipentala, kuwotcherera zitsulo, kukhoma zidebe ndi mbaula, kuphwanya miyala ndiponso kuyendetsa makina m'mafakitale a ku Kanengo, kufupi ndi kwa Mgona. Ntchito zimenezi zimaika chala pafupi ndi sowo, malata akuthwa ndi lamba wa chigayo, motero chipatala cha Kamuzu Central, chimene chinatsegulidwa mu 1977, chakhala chikulandira ovulala zala pamodzi ndi ovulala pangozi zapamsewu.

Chimene chinavuta kwa zaka zambiri sichinali kutseka bala ayi, koma kubwezeretsa kumva kwa chala. M'mbali mwa chala chilichonse mumadutsa mitsempha iwiri yopyapyala imene imanyamula uthenga wa kukhudza, kutentha ndi ululu kupita ku ubongo, ndipo umodzi ukaduka, khungu limapola koma mbali imeneyo imakhala yadzanzi, mwakuti telala samva singano ndipo wowotcherera amapsa osazindikira. Kulumikiza mtsempha wotere kumafuna ulusi wochepa kuposa tsitsi, magalasi okuza zinthu ndi dokotala wozolowera ntchitoyo, zimene zinali zosowa m'dziko limene linatsegula sukulu yake ya madokotala, College of Medicine ya ku Blantyre, mu 1991. Kwina lusoli linali litapita kale patsogolo, popeza madokotala a ku Japan, Komatsu ndi Tamai, analumikizanso chala chachikulu chodukiratu mu 1965.

Ku Malawi vuto la kusowa kwa madokotala linachepetsedwa ndi makiliniko ofesala a mafupa, anthu amene si madokotala koma amaphunzira kwa miyezi 18 kukonza mabala ndi mafupa othyoka. Maphunziro awo anayambitsidwa mu 1985 ndi dokotala wa ku Canada, Edward Blair, ndipo ataima kwa kanthawi anayambanso mu 1998. Anthu amenewa sanatamandidwe mokwanira, chifukwa kutsuka bala bwino, kuchotsa mnofu wakufa ndi kumezanitsa khungu, kutanthauza kutenga kachikopa pamalo ena a thupi n'kukaphimba pamene patsala poyera, ndiko kumapulumutsa chala chimene chikanadulidwa.

Madokotala a opaleshoni anayamba kuphunzitsidwa pa Kamuzu Central pomwepo mu 2009, ndipo mu 2023 panatsegulidwa Lilongwe Institute of Orthopaedics and Neurosurgery, chipatala cha mafupa ndi ubongo chimene chinamangidwa mogwirizana ndi Haukeland University Hospital ya ku Norway. Komabe opaleshoni ndi chiyambi chabe, pakuti mtsempha wosokedwa umaphuka pafupifupi milimita imodzi patsiku, ndipo chala chimafuna masabata ambiri osagwira ntchito yolemera, kenako mafizo oti chisaume. Kwa munthu waganyu wa kwa Mgona, amene akapanda kutuluka m'mawa ana amagona ndi njala, masabata amenewo ndiwo amavuta kuposa kusoka, ndipo ena amabwerera ku sowo bala lisanagwirane.