Mmene Chingerezi Chinalowera m'Chigwa cha Nkhamanga

Munthu amene achoka pa boma la Rumphi nalunjika kumadzulo, potsata msewu wopita ku Nyika ndi ku Vwaza, amafika pa Bolero, likulu la mfumu yaikulu Chikulamayembe, pakati pa chigwa chachonde cha Nkhamanga. Ndipo ngakhale pamsika ndi pamaliro adzamva Chitumbuka, chinenero cha eni nthaka, akayandikira zenera la sukulu adzamva ana akubwereza mawu a Chingerezi pambuyo pa aphunzitsi awo, monga anachitira makolo awo ndi makolo a makolo awo. Chinenero chachilendochi chili ndi mbiri yake m'dera limeneli, mbiri yotiphunzitsa kuti anthu akhoza kulandira lilime la mtundu wina osataya lawo, nalisandutsanso chida chotchinjirizira zimene anawasiyira makolo.

Nkhamanga sanayambe ndi Azungu kulandira alendo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700 kunafika amalonda ochokera kutsidya kwa nyanja, amene anthu anawatcha Abalowoka, atasenza nsalu, mikanda ndi makasu, nafuna minyanga ya njovu. Ndipo mtsogoleri wawo Mlowoka, pokhala munthu wopatsa ndi wodziwa kukhala ndi eni dziko, anakwatira m'mabanja awo nakhazika ufumu wa Chikulamayembe, wa a Gondwe, umene ulipo kufikira lero. Koma pakati pa zaka za m'ma 1800 nkhondo ya Angoni inasesa chigwacho, ufumu unagwa, anthu anabalalika, ena natengedwa ukapolo, ena nathawira kumapiri ndi ku Karonga pakati pa Ankhonde. Chotero pamene amishoni a ku Scotland anafika, anapeza mtundu wosweka mtima, wopanda mbusa, umene unali kufunafuna poponda phazi.

Amishoni amenewa, a mpingo wa Free Church of Scotland, anayamba ntchito yawo ku Cape Maclear m'chaka cha 1875, nasamukira ku Bandawe mu 1881; koma chimene chinasintha moyo wa Atumbuka ndi Ahenga chinachitika mu 1894, pamene Dotolo Robert Laws anakwera phiri la Khondowe namanga sukulu yaikulu yotchedwa Overtoun Institution. Kumeneko anyamata ankaphunzira uphunzitsi, ubusa, zachipatala, ukalipentala, kusindikiza mabuku, ukalaliki ndi kutchaya lamya, ndipo m'makalasi apamwamba zonsezi zinkaphunzitsidwa m'Chingerezi. Komatu mwana sankayambira pamenepo ayi. Ankayambira kumudzi, m'kanyumba ka mitengo ndi udzu kamene Lamulungu kankasanduka tchalitchi, atakhala pa chipika, akulemba zilembo ndi chala pamchenga kufikira tsiku limene adzapatsidwe sileti. Ndipo mphunzitsi, amene mwina anali wongomuposa ndi zaka zochepa, ankaloza ndi kamtengo pa pepala lopachikidwa pakhoma, ana onse nayankha pamodzi m'chinenero cha amayi awo. Atadziwa kuwerenga ndi kulemba Chitumbuka, m'pamene khomo la Chingerezi linkamutsegukira. Ndipo maziko amenewa ndiwo anachititsa kuti ophunzira a ku Khondowe atchuke kutali ndi kwawo chifukwa cha Chingerezi chawo chomveka bwino.

Kumpoto kunalibe minda yaikulu ya Azungu kapena mafakitale olemba anthu ambiri, pamene msonkho wa nyumba unkafunika chaka ndi chaka. Chifukwa chake anyamata a ku Nkhamanga anamanga akatundu awo nalowera ku Halale, ku Wankie, ku migodi ya mkuwa ya Northern Rhodesia, ku Tanganyika ndi ku Joni. Amene anali ndi Chingerezi sankatsika m'mgodi kawirikawiri. Ankakhala makalaliki, omasulira m'bwalo la milandu, akapitawo ndi osunga masitolo. Ndipo m'maulendo amenewa anaphunzira chinthu chimene buku silikanatha kuwauza lokha, kuti liwu limodzi la Chingerezi limasintha nkhope malinga ndi malo amene lanenedwa. Tiyeni titenge liwu lakuti "pass". Mwana wa sukulu analidziwa poyamba monga liwu la chimwemwe, lonena kuti wakhoza mayeso ndipo akukwera kalasi. Pophunzira za mapiri ndi mitsinje anamva kuti limanenanso mpata wa pakati pa mapiri, wonga wa pa Njakwa pamene mtsinje wa South Rukuru umadzipanikiza potuluka m'chigwa. Pabwalo la mpira linatanthauza kupatsira mnzako. Koma atawoloka Zambezi, wapolisi namuimika pamsewu natambasula dzanja, anazindikira kuti liwu lomwelo ndilo dzina la chitupa, kapepala kamene munthu wakuda sakanayenda popanda iko, ndipo kukasowa m'thumba kunali kugona m'ndende. Wophunzira amene anangoloweza tanthauzo limodzi anagwa m'mavuto, pakuti safunsa anadya phula. Koma amene anatchera khutu kuti amve yemwe akulankhula, kumene akulankhulira ndi chimene akufuna, ameneyo ndiye anachidziwa chinenerocho.

Tsono chodabwitsa, chimene chiyenera kukumbukiridwa ndi ulemu, n'chakuti anthu ophunzirawa sanagwiritse nzeru zatsopanozo ponyoza kwawo. Monga khasu logula kwa mlendo limalima munda wa mwini wake, momwemonso Chingerezi chinalima munda wa Nkhamanga. M'chaka cha 1907 Chilongozi Gondwe, munthu amene anadziwa mayendedwe a boma la Atsamunda chifukwa anagwirapo ntchito ya upolisi, anavomerezedwa kukhala Chikulamayembe, ndipo mpando umene unakhala wopanda mwini kwa zaka zambiri unadzukanso. Saulos Nyirenda, wophunzira wa mishoni amene ankagwira ntchito ya lamya, analemba mbiri ya Atumbuka ndi Ahenga, imene pambuyo pake m'busa Thomas Cullen Young anaimasulira m'Chingerezi niisindikizidwa mu 1931. Ndipo Young mwiniyo anatulutsa mabuku onena za chinenero ndi mbiri ya anthu a ku Nkhamanga mu 1932. Mu 1912 Levi Mumba ndi anzake anayambitsa bungwe la North Nyasa Native Association, loyamba la mtundu wake m'dziko lino, limene linkalembera boma makalata a madandaulo m'Chingerezi chosalala chimene bwanamkubwa sakanatha kunamizira kuti sanachimve. M'busa Edward Bote Manda, ngakhale anali Mtonga, anaimirira nganganga pambali pa ufumu wa Chikulamayembe. Ndipo pamene boma linafuna, m'zaka za m'ma 1930, kuti Chinyanja chikhale chophunzitsira m'sukulu zonse za Nyasaland, mafumu ndi aphunzitsi a kumpoto anakana ndi makalata ndi misonkhano, kufikira mu 1947 Chitumbuka chinavomerezedwa pamodzi ndi Chinyanja. Zoonadi madzi saiwala khwawa.

Ntchito yolumikiza zinenero ziwirizi inafuna anthu odekha, okhala pansi ndi akuluakulu a m'midzi kufunsa liwu ndi liwu. Dotolo Walter Elmslie analemba za chinenero cha Chitumbuka mu 1891. Chipangano Chatsopano chinatuluka m'Chitumbuka mu 1911. Ndipo mu 1952 William Turner anatulutsa buku lomasulira mawu a Chitumbuka, Chitonga ndi Chingerezi. Mayina a Azunguwa ndiwo analembedwa pachikuto, koma mutu umodzi susenza denga, ndipo kumbuyo kwa tsamba lililonse kunali aphunzitsi ndi alaliki a kuno amene ankawongola zokhota. Zotere sizinachitike kwathu kuno kokha. Ku China, mmishoni Robert Morrison anatsiriza mu 1823 buku lalikulu lomasulira mawu a Chitchaina ndi Chingerezi, mothandizidwa ndi eni chinenerocho. Ndipo lero lino ophunzira miyandamiyanda a m'dziko limenelo akulimbana ndi vuto lomwe lija la mnyamata wa ku Bolero, lakuti liwu limodzi likhale ndi matanthauzo anayi kapena asanu, ndipo buku lingakuonetse onsewo koma silingakusankhire loyenera pa nthawi yake.

Dziko litalandira ufulu, msonkhano wa chipani cha Malawi Congress Party wa mu 1968 unalamula kuti Chichewa ndi Chingerezi zikhale zinenero za boma, ndipo Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu kufikira chinamvekanso pa MBC mu 1994. Ife amene Chichewa tinachiyamwa tiyenera kumvetsa kulemera kwa goli limene mwana wa ku Nkhamanga anasenza m'zaka zimenezo, pakuti analowa m'kalasi nakumana ndi zinenero ziwiri zosakhala za pakhomo pa amayi ake, nayenera kuzigonjetsa zonse asanaone khomo la sekondale. Ndipo ambiri anazigonjetsadi, chifukwa mwambo wolemekeza sukulu unali utazika mizu m'mabanja mwawo. Mu 2014 boma linalengezanso kuti Chingerezi chikhale chophunzitsira kuyambira Sitandade 1.

Palibe kholo la ku Bolero, logulitsa fodya wake kuti lilipire fizi, limene lingafune kuti mwana wake asadziwe Chingerezi, ndipo lili ndi chifukwa chomveka, pakuti mayeso, ntchito ndi malamulo a dziko zonse zimadzera m'menemo. Koma mbiri ya chigwa chimenechi ikuchitira umboni kuti mbadwo umene unachidziwa koposa ndiwo umene unayamba wakhazikika m'chinenero chake, nuphunzira kulemba dzina la mudzi wake ndi la mtsinje wake usanaphunzire za London. Chifukwa chake iwo amene aika malamulo a maphunziro, pamodzi ndi aphunzitsi amene aimirira pamaso pa ana m'mawa uliwonse, achite bwino kumulola mwana kufunsa m'Chitumbuka chimene sanamve m'Chingerezi, ndi kumuphunzitsa liwu lililonse latsopano pamodzi ndi malo ake, nthawi yake ndi anthu oyenera kulimva.