Seputembala wa ku James Bay: alenje, misampha ndi ana amene sukulu inkalanda

Kumpoto kwa chigawo cha Quebec, m'dziko la Canada, chakum'mawa kwa nyanja ya James Bay, kuli nkhalango yaikulu ya mitengo yonga paini, madambo ndi nyanja zing'onozing'ono zosawerengeka. Eni ake, anthu a mtundu wa Cree, amatcha dzikolo Eeyou Istchee, kutanthauza dziko la anthu. Chimanga sichingache kumeneko, chifukwa nyengo yofunda ndi yaifupi ndipo pafupifupi theka la chaka nthaka imakhala itakwiririka ndi chipale chofewa. Nkhokwe ya banja inali tchire. Ntchito yodzaza nkhokweyo inkayamba mu Seputembala, masamba akayamba kufiira ndi kuyoyoka, madzi asanaundane.

Mwezi umenewu mabanja ankachoka kugombe kapena kumalo a malonda kumene ankasonkhana m'nyengo yofunda. Mabanja awiri, atatu kapena anayi ankalonga katundu m'mabwato n'kupalasa kukwera mitsinje, ndipo pofika pa mathithi ankasenza bwato ndi katundu yemwe mpaka kuseri. Akafika kudera lawo ankamanga nyumba ya mitengo yokhalamo mpaka chisanu chithe. Ana ankapita nawo onse, ngakhale a kubere.

Nyama yaikulu ya nyengoyi, makamaka kummwera kwa dzikolo, ndi moose. Msinkhu wake ndi wonga wa ntchefu koma miyendo ndi italiitali, ndipo yamphongo ili ndi nyanga zotambalala ngati zikhatho, zimene zimagwa chaka ndi chaka. Kumapeto kwa Seputembala ndi mu Okutobala moose zimakwerana, choncho yamphongo imataya tcheru lake. Mlenje amapinda khungwa la mtengo wa birch kukhala lipenga, nalira monga yaikazi m'mbandakucha m'mphepete mwa nyanja. Ena amakhwekhwereza fupa la phewa pa zitsamba kuti limveke ngati nyanga za yamphongo inzake yofuna ndewu. Moose imodzi imapereka nyama yokwana makilogalamu oposa 150, ndipo apa m'pamene ntchito ya amayi imakula: kulenga nyama, kuiwamba pa utsi, kusungunula mafuta a m'mafupa, kupala ndi kufufuta chikopa chosokera nsapato ndi magolovesi. Zingwe za chikopa ankalukira nsapato zazikulu zophwatalala zoyendera pa chipale, ndipo popanda izo munthu sangapite patali mu Januwale.

Komabe nyama imene inaumba mbiri ya dzikolo ndi yaing'ono. Beaver ndi mbale wa ntchenzi koma imakhala m'madzi ngati katumbu. Imagwetsa mitengo ndi mano, imatseka mitsinje, nimanga nyumba ya nthambi ndi matope pamadzi pomwepo. Madzi asanaundane, mlenje ankazungulira nyanja ndi timitsinje ta m'dera lake pa bwato kuwerenga nyumbazi. Matope atsopano padenga ndi mulu wa nthambi zosungira chakudya zinkamuuza kuti nyumbayo ili ndi eni. Kukula kwa mabala a mano pa zitsa kunkamuuza ngati muli ana kapena akuluakulu okha. Misampha ankatchera pambuyo pake, ubweya utakhuthala, nthawi zambiri pansi pa madzi oundana, pa njira imene nyamayo imatulukira. Chicree chili ndi mawu osiyana otchulira beaver ya chaka chino, ya chaka chatha ndi yokhwima, ndipo mwana ankaphunzira mawuwo ali m'bwato, akuona chinthucho ndi maso. Ankaphunziranso mwambo. Mafupa a beaver sankaponyera agalu, ndipo chigaza cha chimbalangondo ankachipachika mumtengo, chifukwa Acree amakhulupirira kuti nyama imadzipereka yokha kwa mlenje woilemekeza ndipo imam'thawa wachipongwe. Adrian Tanner, amene anakhala ndi alenje a ku Mistassini, analongosola miyambo imeneyi m'buku lake la mu 1979 lotchedwa Bringing Home Animals.

Azungu anafika chifukwa cha beaver yomweyi. Ku Ulaya ubweya wake ankapangira zipewa zodula. Mu 1668 sitima ya Angelezi yotchedwa Nonsuch inakocheza pa mathiriro a mtsinje wa Rupert, pamene lero pali mudzi wa Waskaganish, ndipo zikopa zimene inabwerera nazo zinachititsa kuti pa 2 Meyi 1670 mfumu Charles II ipereke chilolezo ku kampani ya Hudson's Bay Company. Kwa zaka pafupifupi 300 kampaniyi inali sitolo, banki ndi boma lomwe. Mlenje asananyamuke, mkulu wa sitolo ankam'kongoza ufa, tiyi, onga, zipolopolo ndi misampha, ndipo ngongoleyo ankabweza ndi zikopa chaka chotsatira. Ngakhale mitengo ya katundu kwa nthawi yaitali inkawerengedwa m'zikopa za beaver. Akatswiri akhala akukangana ngati madera osakamo a mabanja analipo malondawa asanayambe. Frank Speck mu 1915 anati ndi akale, Eleanor Leacock mu 1954 anati anabadwa ndi malonda a zikopa. Mkanganowu sunathe kwenikweni.

M'zaka za m'ma 1920 dongosololi linasweka. Mitengo ya zikopa inakwera, njanji inali itafika kummwera kwa dzikolo, ndipo otchera misampha ochokera kunja analowa m'nkhalango. Iwowa analibe chifukwa chosiyira mbewu, popeza chaka chamawa akanapita kwina. Alenje a Chicree ataona kuti chimene asiya chitengedwa ndi mlendo, nawonso anayamba kupha zonse. Pofika 1930 beaver zinali zitatsala pang'ono kutheratu kuzungulira Rupert House, ndipo njala inalowa m'misasa, chifukwa beaver sinali chikopa chokha, inalinso ndiwo yamafuta ya m'chisanu.

James Watt, mkulu wa sitolo ya kampani pa Rupert House, ndi mkazi wake Maud ndiwo amatchulidwa kwambiri pa zimene zinatsatira. Maud anayenda ulendo wautali m'chisanu kukadandaula ku boma la Quebec, ndipo mu 1932 boma linapatula malo okwana masikweya kilomita pafupifupi 18,600 kuti beaver zisaphedwe. Kutchera kunayambiranso mu 1940, nyama zitachulukana, ndipo malo ena otere anakhazikitsidwa m'zaka zotsatira. Mabuku ambiri amaipereka nkhaniyi ngati nzeru ya banja la Watt. Kuyamikako n'koyenera, koma n'kopereweza. Pepala la boma linangotsekera alendo kunja. Amene anadziletsa kwa zaka zisanu ndi zitatu, ana awo ali ndi njala, anali alenje, ndipo kugoneka dera kuti nyama ziswane inali njira yawo kale. Boma ndi kampani anafunika munthu wowerenga nyumba za beaver m'dera lililonse, ndipo anapeza kuti munthuyo alipo kale: mkulu wa dera, amene Acree amamutcha uchimaau. Anam'patsa dzina la Chingelezi loti tallyman, kutanthauza wowerengera. Mpaka lero Eeyou Istchee ili ndi madera otere pafupifupi 300, lililonse ndi mkulu wake.

Beaver zitabwerera, ana ndiwo anayamba kusowa. Lamulo la Canada lokhudza eni nthaka linakakamiza sukulu kuyambira mu 1920, koma kumpoto kuno linagwira mwamphamvu nkhondo yachiwiri itatha, makamaka boma litayamba mu 1945 kupereka ndalama zothandizira ana zimene banja likanalandidwa ngati mwana sali pasukulu. Sukulu zake zinali zogonera komweko. Pa Fort George panali ziwiri, ya Anglican ndi ya Katolika. Ana ena ankatumizidwa ku Moose Factory, ku Sault Ste. Marie, ngakhale ku Brantford, makilomita oposa 1,000 kuchokera kwawo, ndipo kuyambira mu 1963 ambiri ankapita ku La Tuque. Chaka cha sukulu ku Canada chimayamba mu Seputembala. Ndege yotera pamadzi inkanyamula ana m'masabata omwewo amene makolo ankalonga mabwato, ndipo ankaonananso mu Juni. Palibe amene anachita kuletsa mwana kuphunzira kuitana moose kapena kuwerenga mabala a mano pa chitsa. Kalendala yokha inakwanira. Kusukuluko kulankhula Chicree kunali mlandu wolangidwa nawo, ndipo bungwe la Truth and Reconciliation Commission, m'lipoti lake la mu 2015, linalemba za nkhanza, njala ndi imfa za ana m'sukulu zoterezi m'dziko lonselo. Mnyamata ankabwerera ali ndi zaka 16, wodziwa kulemba Chingelezi koma wosadziwa kutchera, ndipo mawu a m'tchire amene agogo ake ankalankhula ankangomudutsa.

Mibadwo iwiriyi inadzafunana mu 1971. Pa 30 Epulo chaka chimenecho nduna yaikulu ya Quebec, Robert Bourassa, inalengeza ntchito yomanga madamu a magetsi pa mitsinje ya ku James Bay, popanda kufunsa Acree. Achinyamata ophunzira, monga Billy Diamond wa ku Waskaganish, ndiwo anamva nkhaniyi, nasonkhanitsa midzi, nakasuma kukhoti pamodzi ndi anthu a mtundu wa Inuit. Koma mlandu unkafuna umboni woti dzikolo likugwiritsidwadi ntchito, ndipo umboniwo unali m'mitu mwa akulu osadziwa Chingelezi kapena Chifalansa. Alenje anapita ku Montreal, naima pamaso pa woweruza Albert Malouf, nalongosola m'Chicree kudzera mwa omasulira kumene amasaka, nyama zimene amadya, kumene makolo awo anaikidwa, ndi chimene chimachitikira nyumba ya beaver madzi akakwera kapena kutsika m'chisanu. Pa 15 Novembala 1973 Malouf analamula kuti ntchito iime. Patangotha sabata imodzi khoti la apilo linaimitsa lamulolo, koma boma linali litaona kuti liyenera kukambirana. Mu 1974 bungwe la National Film Board linatulutsa filimu ya Cree Hunters of Mistassini, yoonetsa mabanja atatu akumanga nyumba yawo ndi kusaka, ndipo anthu a m'mizinda anaona kuti moyo umene ankauyesa wakufa unali wamoyo.

Pangano la James Bay and Northern Quebec Agreement linasainidwa pa 11 Novembala 1975. Acree analipira mtengo waukulu. Madamu a pa mtsinje wa La Grande anamiza madera osakamo ndi manda, anthu a ku Fort George anasamutsidwira ku Chisasibi cha m'ma 1980, ndipo nsomba za m'madamu zinapezeka ndi poizoni wa mekyule. Koma m'panganolo munali zinthu ziwiri zimene zinabwezera Seputembala kwa eni ake. Gawo 30 linakhazikitsa malipiro a mabanja okhala m'tchire, kwa mlenje wogwira ntchito za kusaka masiku osachepera 120 pa chaka, 90 mwa iwo ali kunja kwa mudzi. Gawo 16 linapereka sukulu m'manja mwa Acree, ndipo bungwe la Cree School Board linayamba ntchito mu 1978 lili ndi mphamvu yosankha chilankhulo chophunzitsira, kulemba maphunziro ndi kukonza kalendala yakeyake.

Mphamvu ya kalendalayo anaigwiritsa ntchito. Sukulu zimatseka chakumayambiriro kwa Meyi, atsekwe akamabwerera kuchokera kummwera, kuti mabanja apite kumisasa, ndipo m'midzi ina muli tchuthi chinanso chosakira moose masamba akamayoyoka. Za chilankhulo zinachedwerapo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, nthawi imodzimodzi imene PEBIMO inkayesa Chinyanja ku Tete ndi Chichangana ku Gaza, bungweli linayamba kuphunzitsa makalasi oyambirira m'Chicree, pogwiritsa ntchito zilembo za maphatikizo zimene zinafala pakati pa Acree kuyambira m'ma 1840. Aphunzitsi anapeza kuti mawu a nyama, madzi oundana ndi mphepo ndi ochuluka kuposa amene buku lingasenze, pamene a masamu ankafunika kuchita kupangana. Pulogalamuyo sinayende mosalala. Makolo ena anadandaula kuti ana akuchedwa kuwerenga Chingelezi ndi Chifalansa, ndipo patapita zaka bungwe linasintha kagawidwe ka zilankhulo m'makalasi. Mu 2019 boma la Acree linakhazikitsa lamulo loteteza chilankhulo, chizindikiro chakuti nkhawa idakalipo, popeza ana ambiri tsopano amasewera m'Chingelezi.

Masiku ano mlenje amapita kudera lake pa galimoto, pa ndege kapena pa njinga yamoto yoyenda pa chipale, ndipo mtengo wa chikopa cha beaver unagwa kotero kuti ambiri amatchera chifukwa cha ndiwo. Chimene chikuopseza kummwera ndi makampani odula mitengo ndi misewu yawo. Pangano la Paix des Braves la mu 2002 linalamula kuti mapulani odula mitengo azitsata malire a madera osakamo ndi kuti mkulu wa dera azifunsidwa malo oyenera kusiyidwa. Ngakhale zili choncho, kalembera wa pa ndege wa mu 2021 anaonetsa kuti moose zachepa kwambiri m'dera losakamo nambala 17, kufupi ndi Waswanipi. Kuyambira mu 2022 boma la Quebec linatseka kusaka kwa alendo kumeneko, ndipo Acree anadziikira malire a chiwerengero cha moose zimene angaphe pa chaka, napempha alenje awo kuti azisiya zazikazi ndi ana.